Yudasi Isikariote ndi usiku umene anapereka Yesu: mafunso ndi mayankho

Nyengo ya Pasaka ikamayandikira, mvula ya kuno ku Mzuzu isanathe, mafunso okhudza Yudasi amabukanso. Amafunsa achinyamata a ku Chibavi ndi ku Zolozolo, amafunsa amayi a Umanyano (gulu la amayi a CCAP), amafunsanso ophunzira a ku Mzuni amene amafuna yankho lokhala ndi umboni. Pano ndasonkhanitsa mafunso amene amabwera kawirikawiri pa maphunziro a Baibulo. Powerenga, khalani ndi Baibulo lanu pafupi, kaya ndi Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, kuti muzidzionera nokha mavesi.

Kodi Yudasi Isikariote anali ndani?

Anali mmodzi wa ophunzira 12 amene Yesu anawasankha yekha. Dzina lake lili pa Mateyu 10:2-4, Marko 3:16-19 ndi Luka 6:14-16, ndipo paliponse limabwera kumapeto. Bambo ake anali Simoni Isikariote (Yohane 6:71). Akatswiri ambiri a Baibulo amati banjali linkachokera ku Kerioti, mudzi wa kummwera kwa Yudeya wotchulidwa pa Yoswa 15:25.

Pagulupo ndiye anali msungichuma. Thumba la ndalama zogulira chakudya ndi zothandizira osauka linkakhala kwa iye (Yohane 12:6 ndi 13:29). Pamene Yesu anatuma ophunzira kukalalikira, kukachiritsa odwala ndi kukatulutsa mizimu yoipa, Yudasi anapita nawo.

M'masewero a Lachisanu Loyera timakonda kumusankhira mnyamata wodziwa kukwinya nkhope, woyenda monyang'ama, kuti ngakhale mwana amuzindikire akangolowa. Malemba akutionetsa munthu wosiyana ndi ameneyo. Yesu atanena kuti mmodzi mwa iwo adzamupereka, palibe amene anatembenukira kwa Yudasi. Aliyense anayamba kudzifunsa yekha kuti, kodi ndine? (Marko 14:19). Ngakhale atadzuka patebulo n'kutuluka, anzake ankaganiza kuti watumidwa kukagula zofunika pa chikondwerero kapena kukapatsa kanthu osauka. Anali munthu wodalirika pamaso pa anzake mpaka usiku womaliza.

Musamusokoneze ndi Yudasi mwana wa Yakobo, yemwenso anali m'gulu la 12. Yohane 14:22 amachita kunena kuti ameneyu si Isikariote uja.

Kodi Yesu sankadziwa kuti munthuyu adzamupereka? Nanga anamusankhiranji?

Ankadziwa. Yohane 6:64 amati ankadziwa kuyambira pachiyambi, ndipo pa vesi 70 Yesu akunena poyera kuti mwa 12 amene anawasankha, mmodzi ndi mdierekezi. Sanamusankhe mwangozi: Luka 6:12-13 amati anachezera usiku wonse kuphiri akupemphera, kutacha ndi pamene anawaitana.

Chimene olemba Mauthenga Abwino amakhalitsapo ndi mmene Yesu anakhalira naye. Anamusungitsa thumba. Anamusambitsa mapazi pamodzi ndi anzake. Anasunsa nthongo n'kumupatsa ndi dzanja lake. M'munda wa Getsemane, kumene anamugwirira, anthu a malupanga ndi zibonga ataima kumbuyo kwake, anamutchulabe kuti bwenzi (Mateyu 26:50). Ine ndikawerenga zimenezi ndimaona Yesu akumutsegulira njira yobwerera mobwerezabwereza, mpaka pa ola lomaliza.

Yesu ankadziwika ndi aliyense. Ndiye Yudasi anagulitsa chiyani kwenikweni?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo Yesu mwini analikhudza pomwe ankamugwira: tsiku ndi tsiku ankaphunzitsa m'Kachisi, koma sanamugwire (Marko 14:49). Vuto la ansembe aakulu silinali kusadziwa nkhope yake. Vuto linali khamu la anthu. Pa Pasaka, Yerusalemu inkadzaza ndi alendo, ambiri ochokera ku Galileya kwawo kwa Yesu. Bwanamkubwa wachiroma, Pilato, ankachoka ku Kaisareya kumene ankakhala n'kubwera mumzindamo ndi asilikali kuti pasabuke chipolowe. Kugwira mphunzitsi wokondedwa masanasana kukanayambitsa chisokonezo, ndipo Aroma akanalanga akuluakulu achiyuda omwewo. N'chifukwa chake pa Marko 14:1-2 akugwirizana kuti amugwire mochenjera, koma osati pa chikondwerero.

Masana Yesu ankakhala pakati pa anthu, usiku ankatuluka mumzinda kukagona ku phiri la Azitona (Luka 21:37). Akuluakulu anali atalamula kale kuti aliyense wodziwa kumene iye ali aulule (Yohane 11:57). Ankasowa munthu wam'kati, wodziwa malo ndi nthawi. Luka 22:6 amati Yudasi ankafuna mpata womupereka pamene palibe khamu, ndipo Yohane 18:2 amawonjezera kuti ankawadziwa malowo, tsidya lina la mtsinje wa Kidroni, chifukwa Yesu ankakonda kusonkhana kumeneko ndi ophunzira ake.

Choncho chimene anagulitsa ndi malo opempherera. Ankawadziwa chifukwa iye mwini anakhalako nawo, anagonako, anamva Yesu akupemphera kumeneko. Mdani wakunja sakanatha kuchita zimenezi.

Ndalama 30 zasiliva zinali zochuluka bwanji?

Mateyu yekha ndiye amatchula chiwerengerochi (26:15). Marko ndi Luka amangoti anamulonjeza ndalama. Akatswiri ambiri amaganiza kuti zinali masekeli a ku Turo, ndalama zimene zinkagwiritsidwa ntchito ku Kachisi. Sekeli imodzi inkafanana ndi madinari 4, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku (Mateyu 20:2). Tikawerengera motero, anali malipiro a masiku 120, ngati miyezi inayi. Si ndalama zolemeretsa munthu. Mafuta onunkhira amene Mariya anadzoza nawo Yesu ku Betaniya, Yudasi yemweyo anawayika pa mtengo wa madinari 300.

Myuda aliyense wodziwa Chilamulo akamva 30 ankakumbukira Eksodo 21:32, pamene mwini ng'ombe yopha kapolo wa mnzake ankalipira masekeli 30. Ankakumbukiranso Zekariya 11:12-13, pamene mbusa analipidwa mtengo wonyozeka womwewo, n'kuuponya m'nyumba ya Yehova.

Anachita zimenezi chifukwa chiyani?

Mauthenga Abwino anayi aja sakufotokoza mofanana, ndipo ndi bwino kuwamva aliyense payekha. Marko amangoti anapita kwa ansembe aakulu. Mateyu amationetsa akufunsa kuti amupatsa chiyani akamupereka. Luka 22:3 amati Satana analowa mwa iye. Yohane amapita kumbuyo n'kunena kuti anali wakuba, ankatapa ndalama za m'thumba lija.

Pali ganizo lina limene alaliki ena amalikonda, lakuti Yudasi ankayembekezera Mesiya wothamangitsa Aroma, ndiye anakhumudwa, kapena anafuna kukakamiza Yesu kuti aonetse mphamvu zake. Ganizoli limamveka, chifukwa ophunzira onse anali ndi chiyembekezo chotere, ngakhale Yesu atauka (Machitidwe 1:6). Koma tidziwe kuti ndi maganizo a anthu, palibe vesi limene limanena zimenezo za Yudasi.

Ine ndimatsamira pa zimene Yohane ananena, chifukwa zikuonetsa kuti munthuyu sanagwe tsiku limodzi. Amene munakhalapo m'banki mkhonde mukudziwa mmene zimayendera: msungichuma sayamba ndi kuthawa ndi bokosi. Amayamba ndi kutengako pang'ono poti abweza Loweruka, Loweruka likafika amalemba m'kaundula zosiyana ndi zimene zili m'bokosi, ndipo pakutha pa chaka amakhala munthu wa nkhope ziwiri, woyankhula bwino pamsonkhano koma woopa tsiku logawana. Yudasi anafika pophimba umbava wake ndi mawu achifundo. Ku Betaniya anadandaula kuti mafuta aja akanagulitsidwa n'kuthandiza osauka, ndipo aliyense womumva akanati uyu ndiye wosamala za amphawi. Yesu anamudzudzula pagulu kuti amuleke mayiyo. Mateyu ndi Marko amayika ulendo wa Yudasi wopita kwa ansembe pambuyo penipeni pa nkhani ya mafutayi.

Za Satana, tisathamangire kumuchotsera Yudasi mlandu. Mu Yohane 13 muli magawo awiri: pa vesi 2 mdierekezi anali atayika kale ganizo mumtima mwake, pa vesi 27 ndi pamene analowa. Pakati pa mavesi awiriwa pali kusambitsidwa mapazi, pali chenjezo, pali nthongo. Anali ndi nthawi yokana. Mawu akuti "anandinyenga Satana", amene timawamva kawirikawiri munthu akagwidwa, amanena zoona pang'ono, koma sanena amene anatsegula chitseko.

Ngati zinaloseredwa kale, Yudasi analakwa chiyani? Si iye kodi anathandiza kuti tipulumuke?

Ili ndilo funso limene achinyamata salisiya, ndipo ndimawayamikira chifukwa ndi funso la munthu woganiza.

Yesu anatchula Salimo 41:9, lonena za bwenzi lodya naye limodzi limene linamuukira (Yohane 13:18). Mfumu Davide anakumana nazo zotere pamene phungu wake Ahitofeli anapita mbali ya Abisalomu. Davide anawoloka Kidroni yemweyo akuthawa, anakwera phiri la Azitona akulira, ndipo Ahitofeli pamapeto pake anadzimangirira (2 Samueli 15 mpaka 17). Kufanana kwa nkhani ziwirizi n'koonekeratu.

Komabe kudziwiratu chinthu si kukakamiza munthu kuti achichite. Luka 22:22 amagwira mbali zonse ziwiri m'vesi limodzi: Mwana wa Munthu akupita monga kunakonzedwera, koma tsoka kwa munthu womupereka. Petro pa tsiku la Pentekoste akunena chimodzimodzi, kuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu wa Mulungu, komanso kuti anthu anamupha ndi manja a anthu osayeruzika (Machitidwe 2:23). Yosefe, amene abale ake anamugulitsa ndi ndalama 20 zasiliva, anawauza kuti iwo anamupangira choipa koma Mulungu anachisandutsa chabwino (Genesis 50:20). Kupulumuka kwa anthu ku njala sikunasandutse abale aja kukhala osalakwa.

Mipingo yathu imasiyana pa mmene imafotokozera ulamuliro wa Mulungu ndi ufulu wa munthu. A CCAP, potsata chiphunzitso cha John Calvin, amatsindika kwambiri ulamuliro wa Mulungu. Akatolika ndi mipingo yambiri ya Pentekoste amatsindika kuti munthu angathe kulandira kapena kukana chisomo. Koma onsewa amavomereza kuti Yudasi anachimwa. Mboni yamphamvu pa nkhaniyi ndi Yudasi mwini. Sanapite kwa ansembe kukanena kuti wakwaniritsa ulosi. Anati wachimwa popereka mwazi wosalakwa (Mateyu 27:4).

Bwanji anasankha kumupsompsona?

Kunali mdima. Gulu lija linanyamula nyali ndi miuni (Yohane 18:3), ndipo m'mundamo munali amuna angapo ovala mofanana. Pankafunika chizindikiro kuti asagwire munthu wolakwika. Kupsompsona kunali moni wamba wa wophunzira kwa mphunzitsi wake, choncho sikukanadzidzimutsa aliyense. Yesu anamufunsa ngati akuperekadi Mwana wa Munthu ndi mpsompsono (Luka 22:48). Yohane satchula zimenezi. Iye amaonetsa Yesu akudzionetsera yekha kwa omugwira. M'Chipangano Chakale Yowabu anachitanso zofanana kwa Amasa: anamugwira ndevu ngati akufuna kumupsompsona, n'kumubaya ndi lupanga (2 Samueli 20:9-10).

Kodi Yudasi anadya nawo Mgonero wa Ambuye?

Tikatsata Luka 22:19-21, zikuoneka kuti analipo, chifukwa Yesu atapereka mkate ndi chikho ndi pamene akunena kuti dzanja la womupereka lili naye patebulo. Mateyu ndi Marko amayika mawu onena za womupereka patsogolo pa mkate ndi chikho, osatchula nthawi imene Yudasi anatuluka. Yohane amati anatuluka atangolandira nthongo, kunja kuli usiku, koma Yohane safotokoza za kukhazikitsidwa kwa Mgonero. N'chifukwa chake aphunzitsi a mpingo akhala akusiyana pa funsoli kuyambira kale. Chimene onse anayi akugwirizana n'chakuti anadya naye chakudya usiku umenewo. Ndipo mpaka lero, pa Mgonero kapena pa Misa, timakumbutsidwa kuti Ambuye anatenga mkate usiku umene anaperekedwa (1 Akorinto 11:23).

Anafa bwanji? Mateyu ndi Machitidwe akuoneka ngati akutsutsana.

Mateyu 27:3-10 amati ataona kuti Yesu waweruzidwa, anabweza ndalama zija, anaziponya m'Kachisi, anachoka n'kukadzimangirira. Ansembe anakana kuziyika mosungira ndalama za Kachisi poti ndi mtengo wa mwazi, ndipo anagula nazo munda wa woumba mbiya kuti ukhale manda a alendo. Machitidwe 1:18-19 amati iye anagula munda ndi malipiro a chosalungama, anagwa chamutu, mimba inaphulika.

Kuyambira kale ambiri amazigwirizanitsa motere: anadzimangirira, kenaka mtembo unagwa n'kuphulika, ndipo munda umatchedwa wake chifukwa unagulidwa ndi ndalama zake. Ena amangovomereza kuti olemba awiriwa analandira mbiriyi kudzera m'njira zosiyana. Onse awiri amagwirizana kuti anafa imfa yoipa, kuti ndalamazo zinathera pa munda, ndi kuti mundawo unkatchedwa Munda wa Mwazi, Akeldama. Malo odziwika ndi dzinali akadalipo ku Yerusalemu, m'chigwa cha Hinomu.

Petro nayenso anamukana Yesu. Bwanji iye anakhululukidwa?

Apa ndi pamene ndimafuna kuti tikhalitse, chifukwa ambiri timaganiza kuti Petro analakwa pang'ono ndipo Yudasi analakwa kwambiri, basi nkhani yatha. Petro anakana katatu, kachiwiri ndi lumbiro, kachitatu akudzitemberera (Mateyu 26:69-74). Sichinali chinthu chochepa.

Taonaninso zimene Yudasi anachita m'mawa uja. Anamva chisoni. Anaulula tchimo lake momveka, osalichepetsa. Anachitira umboni kuti Yesu ndi wosalakwa, pamaso pa anthu amene akanatha kumuchita choipa. Anabweza ndalama zonse. Ambiri a ife tikalakwira mnzathu sitifika ngakhale theka la pamenepa.

Koma zonsezi anapita nazo kwa anthu olakwika. Anapita kwa amene anamulemba ntchito ija, ndipo iwo anamuyankha kuti zimenezo sizikuwakhudza, azionere yekha (Mateyu 27:4). Awa anali ansembe, anthu amene ntchito yawo inali kulandira wochimwa ndi kumuperekera nsembe. Munthu wosweka mtima anaima pamaso pawo, iwo n'kumukankhira kunja. Atatuluka pamenepo analibe kwina kopita, kapena ankaganiza kuti alibe. Sanabwerere kwa anzake 11 aja. Anakhala yekha ndi mlandu wake, nadziweruza yekha.

Petro analira kwambiri, koma sanachoke pakati pa abale. Lamulungu m'mawa Mariya wa ku Magadala anamupeza ali ndi wophunzira mnzake, ndipo anathamangira limodzi kumanda (Yohane 20:2-4). Pambuyo pake ku nyanja ya Tiberiya, Yesu anamufunsa katatu ngati amamukonda, namupatsanso ntchito yoweta nkhosa (Yohane 21). Paulo amasiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu, chimene chimabala kulapa, ndi chisoni cha dziko lapansi, chimene chimabala imfa (2 Akorinto 7:10).

Akulu a mpingo, abusa, makatekisiti ndi amayi otsogolera magulu, gawo la ansembe aja likutikhudza ife. Mtsikana wa m'kwaya akabwera kudzaulula kuti ali ndi pakati, kapena msungichuma akabwera kudzanena kuti ndalama za chitukuko wadya, mwambo wa mpingo uyenera kutsatidwa ndithu, ndipo wakuba abweze. Koma asatuluke pakhomo pathu akuganiza kuti kwa Mulungu kulibenso malo ake.

Ndiye Yudasi ali ku Gehena? Nanga m'bale wathu amene anadzipha?

Mawu a Malemba okhudza Yudasi ndi olemera. Yesu anati kukanakhala bwino munthuyo akanapanda kubadwa (Marko 14:21), anamutchula mwana wa chitayiko (Yohane 17:12), ndipo ophunzira popemphera anati anapita kumalo ake (Machitidwe 1:25). Akhristu ambiri m'mbiri yonse ya mpingo amva mavesiwa kuti akutanthauza kuti anatayika. Sindingawafewetse. Komabe mawu a Yesu aja akunena za kumupereka, ndipo anayankhulidwa Yudasi asanafe.

N'chifukwa chake si bwino kutenga nkhaniyi n'kukaiyika pa maliro a munthu wodzipha. Banja lolira ku Mchengautuba kapena ku Luwinga silifunika kumva mwana wawo akuyerekezedwa ndi Yudasi. Ambiri amene amadzipha amakhala akudwala matenda a maganizo, kapena atapanikizika ndi ngongole, mavuto a m'banja ndi manyazi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2283, amati tisataye chiyembekezo pa chipulumutso cha anthu otere, ndipo abusa ambiri a mipingo ina amaphunzitsa chimodzimodzi. Woweruza ndi Mulungu.

Ngati inuyo mukuwerenga muli ndi maganizo odzipha chifukwa cha chimene munachita, musakhale nokha usiku uno. Uzani m'bale, mnzanu kapena abusa. Kuno ku Mzuzu a Saint John of God amathandiza anthu ovutika maganizo, ndipo ku chipatala chachikulu cha Mzuzu mungathe kupitanso.

Ndinamva kuti kuli Uthenga Wabwino wa Yudasi umene mipingo imabisa. N'zoona?

Bukulo lilipodi, koma palibe amene akulibisa, ndipo sanalembe ndi Yudasi. Ndi zolemba za m'chinenero cha Chikoputiki zimene zinapezeka ku Egypt m'zaka za m'ma 1970, ndipo a National Geographic anazifalitsa mu 2006. Zinachokera ku magulu otchedwa Gnostic, amene ankaphunzitsa kuti dziko looneka ndi maso linalengedwa ndi mulungu wotsika, ndipo chipulumutso chimabwera podziwa zinsinsi. M'bukumo Yesu amauza Yudasi zinsinsi zimene ophunzira ena sakuzidziwa. Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, anatchula buku la dzina limeneli cha m'ma 180 n'kulikana. Linalembedwa patapita zaka zoposa 100 Yesu atapachikidwa, choncho limatiphunzitsa za zikhulupiriro za magulu amenewo, osati za zimene zinachitika ku Getsemane.

Kodi n'kulakwa kutchula munthu wachinyengo kuti Yudasi?

Dzinali timaligwiritsa ntchito mosavuta: phungu akachoka chipani, mnzathu akaulula chinsinsi, mkhristu akasamukira mpingo wina. Nthawi zambiri limakhala lolemera kuposa mlandu wake. Wosamukira mpingo wina sanapereke Yesu. Ndipo amene waulula kuti ndalama za mpingo zikubedwa kapena kuti mwana akuchitidwa nkhanza si Yudasi ayi, ngakhale akuluakulu amutchule choncho kuti akhale chete.

Dzinali lili ndi mbiri ina yowawa. Ku Ulaya, kwa zaka mazana ambiri, nkhani ya Yudasi inkagwiritsidwa ntchito podana ndi Ayuda onse, anthu kuiwala kuti Yesu, amayi ake ndi atumwi onse anali Ayuda. Mu 1965, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unanena poyera kuti imfa ya Yesu isayikidwe pa Ayuda onse, a nthawi imeneyo kapena a lero.

Analowa m'malo mwake ndani?

Matiya. Yesu atakwera kumwamba, okhulupirira pafupifupi 120 anasonkhana ku Yerusalemu, ndipo Petro ndi amene anaimirira n'kunena kuti malo a Yudasi adzazidwe, potchula Salimo 69:25 ndi Salimo 109:8. Woyenera anali munthu amene anayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane mpaka tsiku limene Yesu anatengedwa, kuti akhale mboni ya kuuka kwake. Anatchula anthu awiri, Yosefe wotchedwa Barsaba ndi Matiya. Anapemphera, anachita maere, ndipo anagwera Matiya (Machitidwe 1:15-26). Aka ndi komaliza m'Baibulo kuti okhulupirira asankhe munthu pochita maere, ndipo dzina la Matiya silitchulidwanso m'Chipangano Chatsopano. Pamene Herode anapha Yakobo m'bale wa Yohane ndi lupanga (Machitidwe 12:2), sitiwerenga kuti anasankha wina wolowa m'malo mwake, chifukwa Yakobo anafa akadali mtumwi, pamene Yudasi anachita kuusiya udindowo.